Pikapu ya Abambo Aang'ono Yalira

Gaza, Chipinge
14 Ogasiti

Achemwali anga Asiyatu,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Samangako, inu ndi alamu ndi ana? Nanga mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatisiyira chifuwa. Kalatayi muwerenge panokha kaye musanawauze amayi chilichonse.

Nkhani ndi ya abambo aang'ono, Che Suleiman. Mukudziwa kuti chiwagwereni sitiroko chaka chatha, dzanja lamanja linafa ndipo mawu satuluka. Munthu amene anakonza mathirakitala a ku esiteti ya tiyi zaka makumi atatu ankangokhala pakhonde tsiku lonse, kuyang'ana pikapu yawo ya dizilo ili pamiyala. Chakudya ankangolawa. Mu Meyi mwana wawo Ikram anaimba foni kuchokera ku Joni kuti galimotoyo igulitsidwe kwa ogula zitsulo. Sindimuimba mlandu, ankaona ngati ikungowapweteka mtima. Koma ogulawo atafika, abambo anadzikoka ndi ndodo mpaka pagalimoto, n'kukhala pansi atatsamira chitseko. Sanachokepo mpaka anthuwo atapita.

Nthawi imeneyo ndinalibe ntchito, kombi, minibasi imene ndinkayendetsa ija, inali itagulitsidwa. Ndinawapempha kuti andilole kumasula injini, ndiikonze kuti tizikokera magalimoto ofera panjira, poti kuno zitunda n'zambiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analoza bokosi lawo la masipanala.

Achemwali, mkatimo munali mutaipa. Maring'i a pisitoni anali atatha, mabeyaring'i atadyeka, gasiketi itapsa, madzi atasakanikirana ndi oyilo. Zitsulo zikuluzikulu ndinapita nazo ku Mutare kukapalitsa, ndipo zipangizo zatsopano anatumiza Ikram yemweyo atamva zimene bambo ake anachita.

Ine ndimadziwa kuyendetsa, osati kumanga injini. Choncho ndinkawaikira mpando pafupi, iwo n'kumaloza ndi ndodo. Akagogoda pansi kamodzi ndiye kuti ndipitirize, kawiri ndiye kuti ndalakwitsa. Vuto linali loti ankagogoda kawiri koma osatha kunena cholakwikacho. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinaponya sipanala pansi n'kuwasiya okha. Pobwera ndinawapeza akupukuta mabawuti ndi dzanja lamanzere, atawapana ndi mawondo. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Sabata yachitatu ndinaika pisitoni imodzi chotembenuza. Anagogoda kawiri, anagogodanso, ine osaona kanthu. Kenako ndinangomva, "Tembenuza, Sudi!" Mawu omveka bwinobwino ngati kale. Mayi aang'ono anasiya zochapa n'kuthamanga kudzaona amene walankhula. Analira. Eni akewo anangoloza kachizindikiro ka pamwamba pa pisitoni ngati palibe chachitika. Kuyambira tsikulo amatulutsa mawu awiri atatu, ndipo akudya.

Injini inalira Lachisanu lapitali titachokera ku mzikiti. Poyamba inakana chifukwa m'mapaipi a dizilo munali mpweya. Nditaupopa inatsokomola, inatulutsa utsi woyera, kenako inakhazikika. Anthu a mu laini mwathu anadzaza pageti. Loweruka mnansi wathu Lovejoy anabwera kale kuti tikakoke kombi yake, koma abambo anakana. Movutikira anandimvetsa kuti injini yomangidwa kumene iyenera kuyenda kaye ulendo wautali yopanda katundu, ndipo pambuyo pake tisinthe oyilo. Nditafunsa kuti tipite kuti, anatenga choko ndi dzanja lamanzere n'kulemba pa simenti kuti Samanga.

Pempho langa lili pamenepa. Inu ndi ine tikudziwa kuti galimotoyi anagula awiri ndi malemu bambo athu, ndipo pamaliro paja abambo aang'ono anaitenga osakambirana ndi amayi. Zaka zisanu ndi ziwiri zatha osalankhulana. Ndinawafunsa mosabisa ngati akudziwa kuti amayi akadali ndi chilonda mumtima. Anavomera ndi mutu, misozi ikutsika. Chonde, khalani nawo pansi amayi, mwina mutengenso alamu poti amawamvera. Muwauze kuti munthuyu si uja anamuona pamaliro. Sadzatha kupepesa ndi mawu ambiri, mwina adzangoima pakhomo ndi ndodo yake. Akufunanso kukaona manda a mkulu wake.

Tikuganiza zobwera kumayambiriro kwa mwezi wamawa, mvula isanayambe. Amayi akakana sindidzawakakamiza, ali ndi chifukwa chawo. Mungondidziwitsa msanga. Akakana ndidzawauza abambo kuti msewu wa ku Honde, wobwera kwanuko, waipa, koma bodza limenelo sindikufuna kulinena kwa munthu amene m'mawa uliwonse amandilozera tayala kuti ndione mpweya.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu, kwa azakhali a ku Ruda ndi kwa ana nonse. Mayi aang'ono akuti moni wambiri, ndipo akufunsa ngati nthochi zanu zinabereka. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Sudi