Makope a Bambo

Lolemba, 3 Malichi
Kuno ku Tunja, m'dziko la Colombia. Mvula tsiku lonse. Bambo akadali m'chipatala, dzanja lamanja lakufa. Msuzi wa mkaka ndi dzira akana. Akungofuna kope lawo la masamu.

Lachitatu, 5 Malichi
Ndawapititsira. Kope lachisanu ndi chinayi. Chipumireni pa uphunzitsi, zaka khumi ndi chimodzi, ntchito ndi yomweyi. Andiphunzitsa lamulo lake kuti ndiziwalembera. Uyambe pa ziro. Ulendo woyamba phazi limodzi, wachiwiri mapazi awiri, choncho. Uzibwerera m'mbuyo, koma ngati nambala yomwe ukufikirayo unailemba kale, kapena wapyola ziro, upite kutsogolo. 0, 1, 3, 6, 2, 7, 13. Funso lawo: kodi nambala iliyonse idzatulukira? 4 inatuluka pa ulendo wa 131. 19 mpaka lero zii.
Ndalemba maulendo makumi atatu. Mumtima mulibe kanthu.

Loweruka, 8 Malichi
Achimwene anga, a Hernando, afika kuchokera ku Bogotá ndi kompyuta. Khofi asanazizire, yankho lapezeka: 19 imatuluka pa ulendo wa 99,734. Bambo angopyola kumene 8,000. "Iwe Yamile, mdalayu wathera moyo pa ntchito ya mphindi imodzi," anatero akuseka. Kenako anakalira pakhonde.
Ndawauza bambo. Anangoti, "Nanga zinazo, mwanawe?" Zinazo palibe akudziwa, ngakhale kompyutayo.
China: manambala a achimwene ndi a bambo akusiyana kuyambira kope lachitatu. Bambo anaphonya penapake. Makope onse otsatira, pachabe. Achimwene akuti ndisawauze.

Lachiwiri, 11 Malichi
Mawu a bambo akuvuta kutuluka. Anandifunsa ngati zonse zikugwirizana ndi za kompyuta. Ndinati inde. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Lemba," anatero. Ndinalemba.

Lachinayi, 27 Malichi
Sabata ziwiri chiwaikireni bambo m'manda. Opepesa maliro anasiya kubwera. Khofi ndikuphikabe wa anthu awiri.
Ndatsegula kope lachitatu kufuna pomwe anaphonyera. Sindinavutike. Pazunguliridwa kale ndi cholembera chofiira, ndipo m'mbali analembamo ndi dzanja lawo: "Ndinalakwitsa apa. Ndazindikira lero, 2 Juni 2019. Sindifufuta. Manambala otsatirawa ankandiwerengera Rosalba."
Rosalba, mayi anga. Tinawaika mu Meyi chaka chimenecho.
Ndiye bambo ankadziwa, zaka zonsezi. Tsiku lija pofunsa za kompyuta ankangofuna kuona ngati ine ndingawauze zoona.