Mariamu walowa yunivesite, Amayi

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Ife kuno ku Senga Bay tili bwino, Alhamdulillah. Mkazi wa achimwene Yusufu wachira, ndipo ndi mapasa, onse aamuna. Chimanga cha ku Chitala chinapsa ndi ng'amba, koma usipa ukuphedwa ndithu, sitikugona ndi njala.

Nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Mariamu, mwana wanga woyamba uja munkati sakhuta mafunso. Anasankhidwa kukaphunzira unamwino ku yunivesite. Tinavina mpaka fumbi koboo! Koma atapempha ngongole ya boma ya ophunzira, sanampatse. Anzake ananyamuka, iye n'kutsala akundithandiza kuyanika usipa, osadandaula ngakhale kamodzi. Kukhala chete kwakeko ndi kumene kunkandidya mtima.

Inali nyengo ya kampeni. Tsiku lina kunabwera bambo wina wofuna uphungu, ndi zimkuzamawu ndi mitolo ya zitenje. Atatigawira zitenjezo n'kulonjeza milatho, anafunsa ngati pali wokhala ndi mawu. Ndinakumbukira zija munkanena pamsika, kuti manyazi sadzaza dengu. Ndinaimirira n'kulandira maiki, mamba a nsomba ali m'manja.

Ndinati, "Abwana, chitenje ndavala kale. Mwana wanga wakhoza, yunivesite yamuitana, koma ali pano akuingitsa ntchentche. Ana a asodzi ngati ameneyu muwatani?"

Anyamata a chipani anathamanga kudzandilanda maiki. Amayi, mukanaona! Azimayi anzanga ogulitsa nsomba ananyamuka mmodzimmodzi, n'kukabweza zitenje zija patebulo la abwanawo, nthungululu zili pakamwa. Bamboyo anapukuta thukuta, n'kuitana Mariamu kutsogolo kuti afotokoze yekha. Mwana analankhula mosadodoma, ngati ndinu.

Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera kudzapempha voti ankakumana ndi funso lomwelo, kaya kunyanja kuno, kaya pamsika wa ku boma. Ngakhale akabaza ankalikuwa akudutsa. Nkhani inafika pa wailesi, ndipo mapempho a ana angapo a kuno anaunikidwanso. Ngongole ya Mariamu inatuluka. Lero andale onse, wopambana ndi olephera omwe, aliyense akuti anathandiza ndi iye. Ine sinditsutsa, ndimangoseka.

Tinamperekeza kudepoti ya minibasi ku Salima ndi thumba la usipa wouma, kuti asaiwale kwawo. Sindinalire mpaka minibasi itakhota. Dzana anaimba foni, akuti wayamba kuphunzira kuyeza odwala kuthamanga kwa magazi, matenda omwe anakutengani aja osadziwika. Ndinakhala pansi, Amayi.

Akabwera pa holide tidzachita sadaka yanu. Ndipo ndikukulonjezani kuti mng'ono wake Halima, ngakhale ofunsira ayamba kale kuzungulira pakhomo, sadzachoka m'nyumba muno ndi mwamuna asanachoke ndi mabuku.

Allah akuwalitsireni manda anu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Asiyatu