Sitepe Yachinayi ya ku Kabulonga

Kabwata, Lusaka
17 Okutobala

Achimwene Abdul Hamid,

Salamu aleikumu. Muli bwanji ku Namwerako, inu ndi alamu ndi ana? Nanga Ababa, maso aja akuonako pang'ono kapena chifunga chikungokulira? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Bushra wachira malungo, koma kutentha kwa chaka chino ndi kwina, ndipo magetsi akumabwera ngati mlendo, moti makina owotcherera zitsulo amangokhala tsiku lonse.

Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Ndikudziwa kuti ndikaimba mumakweza mawu kuti Ababa amve nawo, ndipo nkhani iyi si yoti aimve. Muiwerengere kuseri.

Mukukumbukira masitepe aja ndinakuuzani mu Juni, otsikira kumunda wa maluwa pa nyumba ya ba Ng'andu ku Kabulonga? Amene anandipezera ntchitoyo ndi Mabvuto, bambo wa ku Chipata amene wasamalira munda umenewo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo amakhala ndi banja lake m'kanyumba ka kuseri. Ndiye anauza abwana ake kuti akudziwa Mmalawi wa manja abwino.

Masitepewo ndi asanu ndi awiri. Mafupa ake ndi achitsulo: ndinadula, ndinawotcherera, ndinazika miyendo mu simenti, n'kupaka penti yoletsa dzimbiri. Pamenepo palibe angandinene. Popondapo ba Ng'andu anagula matabwa amakono osakaniza utuchi ndi pulasitiki, amene chiswe sichiwadya. M'katoni mwake munali tizipangizo takuda tolowetsa pakati kuti pazitsala mpata, ndi pepala la Chingerezi. Ine pepalalo ndinapukutira manja. Tizipangizoto ndinati n'ta alesi osadziwa kuyeza.

Inu mukudziwa amene anatiphunzitsa. Ababa ankayendetsa lezala pa chitseko chilichonse tikamaliza, ndipo lezala likalowa polumikizana matabwa ankatigwetsera ntchito yonse pansi, amvekere mpata ndi manyazi a kalipentala. Ndiye thabwa lililonse ndinalidula kuti lilowe mothina m'chitsulo, mbali zonse ziwiri, mochita kukhomera ndi chibakera. Munali m'nyengo yozizira. Ndinajambula, n'kukutumizirani, inu n'kuwafotokozera Ababa, iwo n'kusangalala.

Achimwene, matabwa amenewa si mlombwa. Akamva dzuwa amatalika.

Masabata awiri apitawo, amayi awo a ba Ng'andu, gogo Musonda, ankatsika masana kukaona maluwa awo. Anapunthwa pa sitepe yachinayi n'kugubuduka mpaka pansi. Fupa la m'chiuno linathyoka. Ali m'chipatala mpaka lero, ndipo madokotala sakulonjeza kuti adzayendanso. Ndi mayi amene ankanditumizira tiyi ndi zitumbuwa ndikugwira ntchito, akumanditchula mwana wawo.

Ba Ng'andu atafika madzulo anayang'ana masitepe, anapeza ali bwinobwino, osalala. Chimene anaona ndi paipi yothirira ili chapafupi. Basi mlandu unagwera Mabvuto, akuti anasiya paipi panjira. Iye analumbira kuti paipiyo inali pa kapinga, koma wantchito angalumbire kangati? Amuchotsa ntchito, ndipo kanyumba kaja atulukemo pakutha pa mwezi. Ali ndi ana anayi, wamkulu akulemba mayeso mwezi wamawa.

Ine zonsezi ndinazimva Lolemba, pamene ba Ng'andu anandiitana kuti ndikaike chogwirira m'mbali mwa masitepe. Anandiyamikiranso, akuti ntchito yanga ndi yaukhondo, vuto ndi anthu osasamala. Ndinayamba m'mawa, zonse zili bwino. Itakwana cha m'ma wani koloko, dzuwa lili pamutu, ndinagwada kuti ndiyeze, ndipo ndinaona thabwa lachinayi litadzuka pakati ngati msana wa mphaka. Chala changa chinalowa pansi pake. Linasowa kotalikira, chitsulo chitalitsekera uku ndi uku, ndiye linakwera m'mwamba. Pofika madzulo linali litagonanso, phee, ngati silinalakwe.

Ndinakhala pansi, pa kapinga. Panalibe wina anaona.

Ndisakunamizeni, Satana anandinong'oneza. Chodulira chinali m'chikwama. Kungochotsa kachidutswa kochepa ngati chikhadabo kumapeto kwa thabwa lililonse, nkhani yatha, palibe adzadziwe mpaka tsiku la Kiyama, tsiku lachiweruzo. Ndinafika pochitulutsa. Kenako ndinachibwezera, sindikudziwa kuti chifukwa cha mantha kapena manyazi.

Dzulo Mabvuto anabwera kuno ku Kabwata. Ndinaganiza kuti wadziwa. Ayi ndithu, anabwera kudzandifunsa ngati ndingamve za ntchito ya m'munda ku Woodlands kapena ku Roma, konkuno ku Lusaka, poti ine ndimayenda m'mipanda yambiri. Anandipepesanso kuti masitepe anga okongola alowa m'mbiri yoipa chifukwa cha iye, akuti mwina ukalamba wayamba kumuiwalitsa pamene waika zinthu. Munthu wayamba kukhulupirira bodza lomunamizira! Bushra anamupatsa tiyi.

Bushra ndamuuza. Analira, n'kundifunsa kuti tidzadya chiyani dzina likaipa, poti ku Kabulonga mabwana onse amadziwana, ndipo ba Ng'andu ndi munthu wa maloya. Akhoza kunditengera kupolisi. Koma m'mawa uno iye yemwe wandisitira malaya oyera aja, oti ndidzavale pokaonana ndi ba Ng'andu.

Loweruka ba Ng'andu amakhala pakhomo. Ndawapempha kuti tikumane pa masitepe wani koloko, osati m'mawa, osati madzulo. Anadabwa kuti bwanji padzuwa. Ndinati pali chimene chimaoneka nthawi yokhayo. Mabvuto ndamuuzanso kuti adzakhalepo. Sindidzalankhula zambiri, thabwalo lidzanena lokha.

Pempho langa ndi limodzi. Zikandivuta mudzamva kwa Bushra, koma Ababa asadziwe. Munthu wakalamba, maso apita, chimene watsala nacho ndi choti anaphunzitsa ana ake ntchito. Iwo sanalakwe, matabwa awo anali ena. Wolakwa ndi ine amene ndinapukutira manja pepala. Akadzafunsa za masitepe a ku Lusaka, poti amafunsa nthawi zonse, mudzawauze kuti ndinathinitsa monga anandiphunzitsira, lezala silinalowe. Simudzakhala mutanama.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali a Hadiya ndi amuna awo, kwa amalume ku Chiponde, ndi kwa ana onse. Ababa muwagwire dzanja m'malo mwanga. Pa Ijumaa kumzikiti mutikumbukire mu duwa, m'mapemphero anu, ndipo mutchulemonso gogo Musonda ndi Mabvuto.

Ndine mng'ono wanu,
Suleiman