Mapilisi Anga Sindisiya

Okondedwa achimwene,

Ndikukhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo. Mwana wanu Kabwana wamera mano, akuluma chilichonse, ngakhale sipanala yanga. Ntchito ya matayala ikuyenda, kompresa ndinaikonzetsa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula pakamwa. Apa muwerenga mpaka kumapeto.

Ndamva zimene munauza mlamu wanu. Wandiuza yekha, akulira. Akuti anakuimbirani kudandaula kuti m'nyumba mwazizira, ndikafika pabedi ndimangotembenukira kukhoma, mwina ndapeza mkazi wina. Inu munaseka, n'kumuuza kuti mng'ono wanu alibe nzeru zosungira akazi awiri, vuto ndi timapilisi takuchipatala tija. Apo munalasa. Koma munawonjezera kuti abise timapilisito, posachedwa mwamuna wake abwerera.

Anabisadi, achimwene. Anaika m'chitini cha mabatani pamwamba pa kabati. Ine ndinasanthula nyumba yonse, iye akundithandiza kufunafuna.

Ndikuuzeni zimene zinabwerera? Si zimene munkafunazo ayi. Chizungulire, thukuta, m'mutu ngati wina akugunditsa mawaya a batire. Tsiku lina ndikupopa tayala la lole ndinaiwala kuyang'ana geji. Mnzanga wowotcherera zitsulo ndi amene anathamanga kudzazimitsa kompresa, akukuwa kuti kodi ndikufuna akatole mutu wanga padenga. Nditafika kunyumba ndinangoti khu pampando. Mwana anakwawa kudzandigwira mwendo kuti ndimunyamule, ine kumangomuyang'ana ngati wa eni. Mayi wake ataona zimenezo anakwera pasitulo n'kutsitsa chitini.

Inu simunandione chaka chatha. Munkangomva kuti ndikudwala maganizo, n'kumati ndilimbe mtima. Ndinkagona tsiku lonse, osasamba, osadya, shopu ili yotseka. Mwana atabadwa ndinkaopa kumugwira. Ndinkaganiza zinthu zimene sindingalembe m'kalata yoti alamu angaitole. Anandidzutsa ndi mapilisi amenewa.

Zoona, anandilanda china, sindikukana. Chilakolako chinathawa. Ndikayesa, thupi limakana, likalola ulendo sufika. Manyazi ake ndi osasimbika, n'chifukwa chake ndinkayang'ana kukhoma.

Tsopano tapita limodzi kuchipatala. Amene anafotokoza vutoli ndi mlamu wanu, mosapsatira, mpaka ine kumawerenga matailosi apansi. Adokotala sanaseke. Anati zimachitikira anthu ambiri omwa mankhwala amenewa, ndikanawauza kalekale. Akuti pali mtundu wina angandiyese, koma kusintha kwake n'kwapang'onopang'ono, iwo akuyang'anira. Atamva za chitini anatikalipira tonse, akuti kusiya mwadzidzidzi n'kusewera ndi moto. Ndinawafunsa ngati mtundu winawo ukonzadi zinthu. Anati ena zimawayendera, koma sangalonjeze.

Pobwerera, mubasi, ndinamufunsa mkazi wanga ngati adzapirire zikapanda kukonzeka. Anayamba wayang'ana pazenera, akukonza chipewa cha mwana chimene chinali kale bwinobwino. Kenako anati iye akadali mtsikana, magazi akuyenda, sangandinamize kuti n'zopepuka, koma aona. Mawu amene ndili nawo ndi omwewo basi, aona. Ndikuopa, achimwene. Ndikamva akutsegula sutikesi kufuna nsalu, mtima umagunda ngati injini yopanda oilo.

Botolo la mphamvu limene munatumiza ndi dalaivala uja ndalandira. Lilibe pepala, ndipo fungo lake ndi la petulo. Ndatsukira mabawuti. Dzimbiri lachoka bwino, zikomo.

Akutinso munanena kuti mwamuna wolephera kuchipinda ndi chithunzi chapakhoma. Chabwino. Chithunzi chimenechi chimadzuka m'mawa, chimatsegula shopu, chimagula sopo ndi mafuta a mwana, chimamunyamula paphewa akamalira ndi mano. Munthu uja wa chaka chatha, amene kuchipinda ankatha, zimenezi zinkamukanika.

Ndimakulemekezani. Bambo atatisiya munandilera ndinu, ndipo sipanala yanga yoyamba munandigulira ndinu. Koma pempho langa ndi ili. Musamuimbirenso mkazi wanga za nkhani imeneyi. Akakuimbirani yekha, muuzeni alankhule ndi ine. Amayi musawauze, angabwere kuno ndi alongo awo kudzandizenga mlandu pabalaza panga. Mukafuna kudziwa za thupi langa, funsani mwini wake.

Mapilisi sindisiya, kaya mukwiya. Asinthe ndi adokotala, osati inu, osati botolo. Mlamu wanu akatopa n'kuchoka ndidzalira, sindinama. Koma adzasiya munthu wamoyo woti Kabwana azidzabwera kudzamuona kushopu, osati mulu wadothi woti azidzamulozera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ndipo mwendowo mupite nawo kuchipatala, musamangoumanga nsanza.

Ndine mng'ono wanu,
Bambo a Kabwana