Masamba awiri anamatana m'kope langa la mapemphero

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 44, wapabanja, ndipo ndimasita zovala pa shopu ina yochapira anthu zovala. Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu zaka zambiri, kumapukusa mutu ndi mavuto a anzanga, osadziwa kuti tsiku lina wolemba ndidzakhala ine. Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a kunyumba.

Ku tchalitchi kwathu kuli gulu la amayi opempherera anthu, tilipo khumi ndi awiri. Zaka zitatu zapitazo amayi busa anandipatsa kope lachikuto chakuda kuti ndizilembamo mayina a amene apempha mapemphero, poti ndimalemba zooneka bwino. Ntchito yanga inali kulemba basi, ndi kuwerenga mayinawo Lachitatu tikakumana. Koma kopelo limagona kwathu. Ndinkati ndikaliona pa tebulo mtima unkanditsutsa kuti munthu wadwala Lachisanu, iwe udikire Lachitatu? Ndinayamba kupempherera dzina lililonse tsiku lililonse, ndekha.

Nthawi imeneyo mayina anali makumi atatu. Lero alipo 236. Wina amandiimitsa pamsika, wina pa geti la tchalitchi, ena amangotumiza uthenga pa foni kuti "Amayi a kope, mundilembeko." Limenelo ndiye lasanduka dzina langa. Kufufuta munthu sindingathe. Ndikagwira cholembera kuti ndidule mzere pa dzina, dzanja limakana, ndimaona ngati ndikumulanda m'manja mwa Mulungu.

Mayina onsewa sangathe m'mawa wokha, ndiye kope ndimapita nalo kuntchito. Ndimalitsamiritsa ku botolo la sitachi pa tebulo lositira, simbi ili kumanja, maso ali pa tsamba. Kolala ya shati imatenga mayina awiri, mkono dzina limodzi, thalauza limakwana banja lonse. Pofika nthawi yoweruka ndimakhala nditafika tsamba lomaliza.

Miyezi inayi yapitayo mayi wina wa m'kwaya analembetsa amuna ake, wowotcherera zitsulo, amene ankavutika ndi impso. Anandigwira manja onse awiri nati: "Amayi, musawadumphe ngakhale tsiku limodzi. Ine ndikati ndipemphere ndimangolira, mawu satuluka." Ndinalonjeza, ndipo ndinkakhulupirira kuti lonjezo ndikulisunga.

Patatha miyezi iwiri bamboyo anatisiya. Titaika maliro ndinatsegula kope kuntchito kuti ndijambule kamtanda pambali pa dzina lawo, koma dzinalo osalipeza. Ndinabwerera kuchiyambi katatu. Kenako chala chinamva kuti tsamba lina ndi lochindikala kuposa anzake. Anali masamba awiri omatana ndi sitachi. Ndinawamatula ndi nsonga ya sizasi, ndipo dzina lawo linali pamwamba penipeni, pansi pake mayina ena khumi ndi anayi. Ndinangokhala pa mulu wa makatani a anthu.

Tsiku limene botolo linagubuduka ndimalikumbukira bwino, tinali ndi nsalu zambiri za pa matebulo a hotela ina. Kuchokera tsiku limenelo kufika tsiku limene anamwalira ndi masiku asanu ndi anayi. Masiku onsewo ndinkatembenuza masamba awiri pamodzi, pakamwa pakuyenda, osazindikira kuti munthu wasowa. Ena a pa masamba amenewo ali bwino ndithu, mtsikana wina anapeza ntchito sabata yomweyo, koma zimenezo sizinditonthoza.

Kuyambira pamenepo mtima wanga uli m'mwamba. Tsamba lililonse ndimalipekesa ndi zala kawiri ndisanatembenuze. Foni ikalira ndili pakati, ndimayambiranso dzina loyamba. Mtima umagunda ngati ndathamangira basi, manja amanjenjemera, chakudya sichilowa. Sabata yatha ndinasiya simbi pamsana pa shati yoyera ya kasitomala mpaka inajambulika yonse ndi timabowo take. Abwana, amene timawatcha a Wotchi chifukwa salankhula nawe asanayang'ane padzanja, anangoti pa tebulo lawo safunanso kuonapo sukulu. Kope ndikulibisa m'kati mwa thaulo.

Bambo a kunyumba ndi makaniki, munthu wofatsa wokonda nthabwala. Loweruka lina akumanga nsapato anandifunsa kuti, "Kodi mayi, ine ndili pa tsamba lanji? Ndidziwe nthawi yanga yocheza nanu." Iwo anaseka. Ine ndinakalowa kubafa kukalira.

Lamlungu lapitali abusa analalikira kuti Yesu amaitana otopa ndi olemedwa kuti awapumulitse. Anthu ankavomera amen, ine chala chili m'chikwama ndikupapasa masamba ngati sanamatanenso. Aphungu, mpumulo umenewu uli kuti? Ine m'mene ndayandikirira kwa Mulungu ndi m'menenso katundu wakulira. Ndikuopa kupemphera, ndipo ndikuopa kwambiri kusiya.

Chondipweteka koposa ndi mayi wamasiye uja. Lamlungu lililonse amandikumbatira nkumati, "Inu munayesetsa amayi, simunawadumphe." Ndimangogwedeza mutu ngati wakuba amene akuthokozedwa ndi mwini katundu. Tsopano wandiitana kunyumba kwake Lamlungu likudzali tikaweruka mapemphero, akuti akufuna andithokoze bwinobwino. Kodi ndikamuuze za masamba aja? Ndipo mundiuze zoona, musandinyengerere: kodi bambo aja ndinawapha ndine?

Mayi T.K., m'tauni muno

Amayi T.K.,

Ayi, simunawaphe. Ndayambira pamenepo kuti zotsalazi muwerenge mtima uli pansi. Bambo aja anamwalira ndi matenda a impso, ndipo impso sizidziwa kuti pa tebulo lanu panatayika sitachi.

Yankho mwalilemba nokha m'kalata yanu, kenako mwalidutsa mothamanga. Mayina khumi ndi asanu anatsekeka masiku ofanana. Mmodzi anamwalira, mtsikana wina anapeza ntchito, enawo akuyenda. Ngati imfa mwaitenga kuti ndi yanu chifukwa simunapemphere, nanga ntchito ya mtsikanayo mupatsa ndani? Mulungu anamuthandiza inu musanatchule dzina lake. Ndiye kuti masamba amene anatsekeka kwa inu, kwa Iye anali chitsegukire.

Ndilankhule mosapsatira, poti mwapempha nokha. Mulungu amene mukumuopayo, woti dzina likamatana ndi linzake amataya munthu, si wa chikhristu. Ameneyo akuchepa ngakhale kwa a Wotchi, chifukwa a Wotchi shati ikasowa amaidziwa. Munayamba ntchitoyi ndi chikondi chenicheni, zimenezo sindikukayika. Koma pang'onopang'ono mwadziika pa mpando woti anthu 236 akupuma chifukwa cha pakamwa panu. Mpando umenewo si wanu, nchifukwa chake ukukupwetekani msana. Ndipo masiku asanu ndi anayi aja bamboyo sanali wopanda pemphero. Akazi awo anali pambali pa bedi akulira mawu osatuluka, ndipo ine sindidziwa pemphero lomveka kuposa limenelo.

Mwafunsa kuti mpumulo uli kuti. Inu mukuudikira kutsamba lomaliza, ngati malipiro a munthu amene wamaliza ganyu. Yesu sanaitane amene amaliza ntchito, anaitana amene atopa. Mwini wakeyo ankasiya khamu la odwala likumufunafuna nkupita kwayekha kukapuma. Ngati Iye ankachoka anthu akadali pamzere, inu ndinu ndani kuti musakhale pansi? Kupemphera ndi kupereka munthu kwa Mulungu. Inu mumapereka, kenako mumabwerera naye kunyumba.

Tsono chitani izi Lamlungu lisanafike. Tengani kopelo mupite kwa amayi busa, muwaonetse masamba awiriwo, muwauze zonse monga mwandiuzira ine, za shati ndi za kubafa zomwe. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anzanuwo akuganiza kuti mukusangalala ndi udindo, sangalote kuti mukuonda nawo. Kopelo mulisiye komweko. Anakupatsani kuti muzilemba, ndipo m'gulu mulipo khumi ndi awiri, mutu umodzi susenza denga. Pemphani kuti mayina agawidwe, aliyense atenge ochepa oti akhoza kuwadziwa nkhope ndi kuwayendera. Inu mutenge ochepa kuposa onse, kapena mupume kaye miyezi iwiri. Gwirizananinso kuti dzina lizikhala m'kope mwezi umodzi, wofuna kupitiriza azidzanenanso. Mudzadabwa kupeza kuti ena mukuwapempherera chifuwa chimene chinapola chaka chatha, eni ake anaiwala kalekale.

Wina akakuimitsani pamsika kuti mundilembeko, muimireni pomwepo, mupemphere naye mawu awiri atatu, kenako mumuuze kumene kope likukhala tsopano. Ena adzang'ung'udza kuti amayi a kope ayamba matama. Asiyeni, pakamwa pa anthu sipatsekeka.

Pa tebulo lositira pakhale simbi ndi zovala basi. A Wotchi akulondola, ndipo thaulo limene mukubisamo kope tsiku lina adzalifunyulula. Kusita bwino shati ya munthu nakonso ndi kutumikira Mulungu. Za mtima wogunda, manja onjenjemera ndi kusadya, pitani kuchipatala sabata ino akakuyezeni, ndipo mukanene poyera kuti nkhawa yakukulirani, kuti mukubwereza zinthu kawirikawiri osatha kudziletsa. Alipo aphungu ophunzira ntchito imeneyi. Kupita kwa iwo si kuchepa chikhulupiriro, monganso bambo a kunyumba sachimwa akatsegula injini m'malo moipempherera.

Bambowo muwauze lero. Nthabwala ija inali dandaulo lovala jekete, akusowani. Munthu wofunsa mofatsa chotero akhoza kusenza nanu nkhaniyi, ndipo zikuoneka kuti wakhala akudikira pakhomo nthawi yaitali.

Masiku oyamba opanda kope adzakhala owawa, ndisakunamizeni. Manja adzayabwa, mtima udzakuuzani kuti wina akufa chifukwa cha inu. Nthawi imeneyo nenani pemphero lalifupi ili: Ambuye, anthu awa ndi anu, ine ndatopa, agwireni ndinu. Mukatero imwani tiyi wanu akadali wotentha. Ndipo dziwiranitu kuti tsiku lina wina wa m'kopemo adzamwalira kope lili m'manja mwa ena, monga anthu amamwalira m'mipingo yonse. Tsiku limenelo musakalitengenso. Mukapite kukalira ndi ofedwa ngati wina aliyense.

Tsopano za Lamlungu. Pitani, musazembe. Sindikukuuzani kuti mukaname. Mayi wamasiyeyo akanenanso kuti amuna ake simunawadumphe, muyankheni kuti munayesetsa ngati munthu, pena munkalephera, koma amene sanawasiye ndi Mulungu komanso mayiyo mwini wake. Zimenezo ndi zoona zokhazokha. Akafunsa zambiri, yankhani zoona.

Koma chenjerani, musapite kumeneko kukatula katundu wanu pa mayi amene akulephera kale kunyamula wake. Mukamuwerengera masiku asanu ndi anayi, inu mudzatuluka mwapepukidwa, iye adzatsala akuwerenga masiku omwewo moyo wake wonse, nkumati mwina akanakhala moyo. Kulapa kwanu kuli ndi malo ake, kwa Mulungu ndi kwa amayi busa. Kwa mayi wamasiyeyo mukakhale pansi, mulandire chimene wakukonzerani, mumufunse kuti amuna ake anali munthu wotani, ndipo mumusiye alankhule mpaka atope. Miyezi iwiri munkatchula dzina la bambo aja pakati pa kolala ndi mkono wa shati. Lamlungu mukamve kuti anali ndani.

Aphungu