Mzinga wotuluka m'nyanja

Lachinayi, mwezi wa Juni. Chiperoni tsiku lonse, ndipo thupi langa lalema ngati ndadwala.

Lero sindinakumbe. Khasu linang'ambika pamwala, ndiye ndinapita nalo ku Chitakale kwa a Namakhwa owotcherera zitsulo. Magetsi anali atathima. Podikira, anandionetsa kanema pafoni yawo. Nyanja inali bata, kenako chimzinga chinatumphuka m'madzi, moto uli kumchira, n'kulowa m'mitambo.

"Chachokera m'sitima yobisala pansi pa nyanja," anatero. "Imakhala pansipo miyezi osaoneka. Zakale zinkayamba zayandama kuti ziwombere, koma zamasiku ano zimawombera zili pansi pomwepo. Mzinga umodzi umawoloka nyanja yonse n'kumwaza mabomba angapo, lililonse mzinda wakewake."

Ndinafunsa kuti mzindawo umaupeza bwanji.

"Uli ndi makina, achimwene. Mizinga ina imalondola njira poyang'ana nyenyezi. Kuphonya n'kovuta."

Ndiye ndinati, "Nanga makina opezera munthu pansi pa matope, amenewo alibe?"

Anangoika foni m'thumba.

Chichokereni tsiku limene Napolo anatsika m'phiri n'kukwirira nyumba yathu, mkazi wanga Esinati ali momwemo, ndakhala ndikukumba ndekha pakati pa miyala yaikulu kuposa ng'ombe. Chimene ndapeza ndi chitseko cha eni ake basi.

Alamu anga akhala akunena kuti tingozika mtanda penapake, abusa apemphere, zithe. Madzulo ano ndavomera. Ndawauza kuti malowo asankhe okha, chifukwa ine sindikudziwanso ngakhale pamene panali khonde lathu.