Bokosi la Alamu Sosten

Lawrence, Indianapolis
9 Novembala 2023

Okondedwa achemwali a Evelina,

Muli bwanji ku South Bend pamodzi ndi Eugene? Kuno tilipo, kungoti mwana wathu Tusekele chifuwa chamuyambanso ndi kuziziraku. Ndalemba kalata chifukwa pa foni pakamwa pakanandilemera.

Lolemba Eugene anandiimbira. Akuti akubwera Loweruka pa basi kudzatenga bokosi la bambo ake, alamu Sosten, lija munandisungitsa posamuka, maliro atatha.

Achemwali, bokosilo ndinalitsegula mwezi watha. Munali makhadi akalekale a m'makompyuta, aja otulutsa zithunzi pa sikirini, ena aatali ngati mkono. Ntchito yanga mukuidziwa. Tsiku lonse ndimaphwasula makompyuta otayidwa, kudula m'mphepete mwa khadi momwe muli golide, zotsalazo m'bini. Manja anazolowera. Ndinati alamu ankangosunga zinyalala. Ndinadula onse, makhadi odukawo n'kubwezera m'bokosi, n'kugulitsa tizidutswa ta golideto, n'kugulira Tusekele mpando wa m'galimoto poti wakale unamuchepera.

Eugene analankhula nthawi yaitali, theka m'Chingerezi, mawu akuthamanga. Akuti muli khadi lina limene alamu anagula akadali pasukulu, ndi ndalama zotsukira mbale. Kampani yopanga khadilo inagwa Eugene asanabadwe. Akuti anapangana ndi bambo ake kuti adzaliika mu kompyuta yakale awiriwiri, ndiye zida zina zonse wazipeza, latsala khadilo basi. Anandifunsa ngati malume ndalisunga pouma. Ine ndinati eya.

Mlamu wanu Sophia anali pafupi, akumva. Akuti chimwalirireni alamu, aka n'koyamba kumumva Eugene akuseka.

Khadilo ndinalitenga kuntchito kukafunsa abwana ngati lingamatike. Analitembenuza kawiri n'kundibwezera. Kwa wogula uja ndapitakonso, akuti zonse zinapita kale kosungunula.

Zondikhululukira tidzakambirana mtima wanu ukadzafuna. Lero ndikupempha chimodzi chokha: musamulole abwere yekha. Ndimuuza ndekha, maso ndi maso, makhadiwo ali patebulo. Koma pomva pakhale mayi ake. Asabwerere ulendo wonsewo pa basi ndi bokosi pamiyendo, wopanda womugwira paphewa.

Mundiperekere moni kwa a Chawezi ndi onse a kutchalitchi. Mulungu akusungeni, inu ndi mwanayo.

Ine mlongo wanu,
Shadrick